Kasamalidwe ka Tsitsi, Kuliwongola ndi Kumeta Pakhomo

Tsitsi la munthu lili ndi mbali ziwiri, ndipo malangizo onse a kasamalidwe kake amachokera pa kusiyana kwa mbali zimenezi. Mbali yooneka, imene imapesedwa, kulukidwa ndi kumetedwa, ndi yakufa. Ilibe magazi, simva kuwawa, ndipo ikawonongeka sipola. Mbali yamoyo ndi muzu, umene umakhala m'kathumba kakang'ono m'kati mwa khungu, momwe magazi amafika ndi chakudya. Tsitsi lothyoka kapena lopserera limalowedwa m'malo ndi lina malinga ngati muzu uli bwino. Koma muzu ukafa, pamalopo n'kubwera chipsera, sipameranso kanthu ngakhale munthu adzole mafuta okwera mtengo chotani.

M'mutu mwa munthu mumakhala mizu ya tsitsi pafupifupi 100,000. Muzu uliwonse umameretsa tsitsi kwa zaka 2 mpaka 6, kenako umapuma miyezi ingapo, tsitsi lakale n'kugwa, latsopano n'kuyamba. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku osazindikira. Mtsikana amene wamasula tsitsi limene lakhala lolukidwa mwezi wathunthu asadzidzimuke akaona mulu pachipeso: ndi logwa la masiku onsewo limene linasowa potulukira. Kakulidwe kake ndi pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo la anthu akuda limachepera pang'ono pamenepo. Palibe mafuta ogulidwa pamsika amene amafulumizitsa liwiro limeneli. Amene amadandaula kuti tsitsi lawo silikula, kawirikawiri limakhala likukula ndithu kumizu, koma likuthyoka kunsonga pa mlingo womwewo.

Kuthyokaku kuli ndi chifukwa chake. Tsitsi la anthu ambiri a mu Africa si lozungulira bwino ngati la amwenye kapena la anthu a ku China. Ndi lophwatalala, ndipo limatuluka m'khungu likupotana. Pamalo paliponse pamene lapindika pamakhala pofooka. Komanso mafuta achilengedwe amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutika kutsetsereka pa tsitsi lopotana kuti akafike kunsonga, motero tsitsili limauma msanga. Louma ndi limene limathyoka. Choncho ntchito yaikulu ya tsiku ndi tsiku ndi kulisunga lili ndi chinyontho ndi kuchepetsa kulikokakoka.

Kutsuka kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira kwa amene ali ndi tsitsi lalitali. Wometa lalifupi, kapena wogwira ntchito ya fumbi ndi thukuta, akhoza kumatsuka pafupipafupi. Sopo wa ndodo wochapira zovala ndi waukali kwambiri, amachotsa mafuta onse n'kusiya tsitsi lili gwa. Sopo waufa ndiye asayandikire n'komwe kumutu. Shampu ndi wotsukira khungu la m'mutu kwenikweni, ndipo amapakidwa ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Pambuyo pake pamafunika kondishina, amene amasalalitsa tsitsi kuti lipesedwe losakolana. Makolo anali ndi nzeru yomweyi asanaone botolo la m'sitolo: masamba a chewe akafikisidwa m'madzi amatulutsa madzi oterera amene amatsuka ndi kufewetsa tsitsi, ndipo kumene chewe amapezeka njirayi ikadali yabwino.

Mafuta pawokha sanyowetsa tsitsi. Chimene chimanyowetsa ndi madzi, mafuta amangotsekera madziwo kuti asachoke msanga. Ndiye dongosolo lake ndi kuwaza timadzi kaye, kenako kupaka mafuta pang'ono, kaya a nsatsi, a kokonati kapena Vaseline, makamaka kunsonga. Kumata mafuta ambiri pakhungu la m'mutu kumangoitana fumbi, ndipo kwa ena kumabweretsa tiziphuphu pachipumi. Popesa, tsitsi likhale lonyowa pang'ono, chipeso chikhale cha mano otalikirana, ndipo munthu ayambire kunsonga n'kumatsikira kumizu pang'onopang'ono. Kulowetsa chipeso kumizu n'kukoka mwamphamvu, monga amachitira ana othamangira kusukulu m'mawa, kumadula tsitsi lambiri kuposa sizasi. Usiku duku la nsalu yoterera limathandiza, chifukwa pilo wa nsalu ya thonje amamwa chinyontho ndiponso amakhuza tsitsi munthu akamatembenuka.

Muzu umadya chimene thupi ladya. Mwana wosowa zakudya zomanga thupi amadziwika ndi tsitsi lofiirira, lopyapyala, losavuta kuzuka. Wamkulu wochepa magazi nayenso amathothoka tsitsi. Usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, mtedza ndi masamba monga bonongwe ndi chisoso zimachita zambiri kuposa mankhwala odzola. Mayi amene wangobereka kumene amathothoka tsitsi pakapita miyezi 2 mpaka 4, chimodzimodzi munthu amene wadwala kwambiri malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi. Kuthothoka kotereku kumasiya kokha, tsitsi n'kubwerera.

Matenda awiri a m'mutu amasokonezedwa kawirikawiri. Mfundu ndi timamba toyera toyabwa, tochokera ku kuchuluka kwa tizilombo ta mtundu wa yisiti timene timakhala pakhungu la munthu aliyense. Tizilomboti timadya mafuta, ndiye kuthira mafuta ambiri pofuna kubisa mfundu kumatha kukulitsa vuto. Shampu wokhala ndi mankhwala a ketoconazole, wosiyidwa m'mutu mphindi 5 asanatsukuluzidwe, ndiye amathandiza. Chipere ndi china: chimapanga kadazi kozungulira, chimakonda ana, ndipo chimafala kudzera m'zipeso, zipewa ndi makina ometera. Popeza chimalowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo, mankhwala opaka okha sachithetsa. Pamafunika mapiritsi akuchipatala, monga griseofulvin, omwedwa kwa masabata 6 mpaka 8. Kupaka madzi a batire, mafuta a galimoto kapena utomoni wa mitengo yoyabwa kumatentha khungu n'kusiya chipsera pamene chipere chikanachoka tsitsi n'kumeranso.

Kuluka, kumanga ndi ulusi, kuika meshi kapena wigi, zonsezi zimapumitsa tsitsi ku chipeso ndipo n'zabwino zikachitidwa mofatsa. Vuto ndi chikhulupiriro chakuti kuluka kolimba ndi kumene kumawawa. Mtsikana amene wachoka kwa woluka nkhope itakokeka, akulephera kutafuna bwino kapena kugona osamwa panado, wavulazidwa. Tiziphuphu toyera m'mphepete mwa mizere ndi chizindikiro chakuti mizu ikuzuka. Zikabwerezedwa kwa zaka, tsitsi la m'litsipa ndi la pamwamba pa chipumi limayamba kuthawira kumbuyo. Pachiyambi limabwerera munthu akasiya kukoka, koma pakapita nthawi mizu imafa. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku University of Cape Town anafufuza nkhaniyi ku Langa, mumzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse ndi atsikana a pasukulu 17 mwa 100 alionse anali ndi dazi la mtundu umenewu. Amene anali pangozi yaikulu kuposa onse ndi amene ankaluka kapena kumangirira meshi pa tsitsi loikidwa kale mankhwala owongolera. Malukidwe a ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata sasiyana ndi a kumeneko. Choncho wolukidwa ali ndi ufulu wonena kuti zikuwawa, ndipo woluka wabwino amamasula. Meshi isakhale yolemera, isapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo pakati pa kuluka kuwiri mutu upumeko sabata imodzi kapena masabata awiri.

Atsikana ambiri a ku Malawi amakumana ndi nkhani ya kuwongola tsitsi mochedwa ndiponso mwadzidzidzi. Sukulu za boma zakhala zikufuna tsitsi lalifupi kuyambira kale. M'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, kuchokera m'zaka za m'ma 1970, ngakhale amuna akuluakulu ankaletsedwa ndi lamulo kusunga tsitsi lalitali, ndipo ndi mu Meyi 2023 pamene khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rasta asamakanizidwe sukulu chifukwa cha tsitsi lawo. Zotsatira za lamulo la kusukulu la tsitsi lalifupi n'zakuti mtsikana amalemba mayeso a Fomu 4 asanaphunzire kusamala tsitsi lotalika, ndipo akangotuluka pageti amathamangira botolo la mankhwala, lomuika mnzake amene naye sadziwa kanthu.

Njira zowongolera ndi ziwiri: moto ndi mankhwala. Moto umamasula timfundo tofooka ta m'kati mwa tsitsi, timene timabwerera m'malo mwake tikakhudzidwa ndi madzi. N'chifukwa chake tsitsi lowotchedwa limafota likanyowa ndi mvula kapena thukuta. Chipeso chachitsulo choika pamoto chinafala pakati pa anthu akuda a ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mu bizinesi ya Madam C.J. Walker, amene anamwalira mu 1919 ali mmodzi mwa amayi akuda olemera kwambiri m'dzikolo. Kumidzi ya kuno ena ankagwiritsa ntchito mwala kapena phale lotentha. Lero kuli zowongolera zamagetsi ndi madraya. Lamulo lake ndi limodzi pa zonsezi. Tsitsi likhale loyera ndi louma bwinobwino, chifukwa chitsulo chotentha chikagunda lonyowa madzi a m'kati mwake amawira n'kuliphulitsa. Chipeso cha pambaula chiyesedwe kaye pa pepala loyera; chikalidetsa, chatentha kwambiri. Chamagetsi chisapitirire madigiri 180. Chitsulo chidutse kamodzi kapena kawiri pamalo amodzi, ndipo ntchitoyi isachitike sabata iliyonse. Fungo la kupserera likamveka, tsitsi lapsa kale, ndipo lopsa silibwereranso.

Mankhwala owongolera, amene ambiri amangoti rilakisa, ndi nkhani ina, chifukwa amadula mfundo zolimba za tsitsi kotheratu. Anayambitsa kuwagulitsa ndi Garrett Morgan wa ku Cleveland, amene ankakonza makina osokera ndipo anatsegula kampani ya mankhwalawa mu 1913. Chogwira ntchito m'mitundu yambiri ndi sodium hydroxide, kositiki yemweyo amene amapangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka. Pa muyeso wa pH, khungu la m'mutu lili pafupi ndi 5.5 pamene mankhwalawa amafika 12 mpaka 14. Mabokosi olembedwa kuti no-lye, monga ambiri a Dark and Lovely, amabwera ndi zinthu ziwiri zosakaniza zimene zimapanga guanidine hydroxide. Sapweteka msanga pakhungu, koma ukali wake ndi waukulube, ndipo amaumitsa tsitsi kwambiri. Olembedwa kuti ndi a ana nawonso ndi mankhwala omwewo. Mwana wosatha msinkhu sayenera kuikidwa mankhwalawa, kaya kukubwera ukwati kaya Khirisimasi.

Amene wasankha kuika mankhwala pakhomo ayambe kukonzekera masiku angapo m'mbuyo. Asatsuke, asakande, asapese mokhula kwa masiku osachepera atatu, chifukwa pokandika paliponse mankhwala amalowa n'kupanga chilonda. Amene wangomasula meshi adikire sabata. M'mutu mukakhala chilonda, chipere kapena zotupa, ntchitoyo iimitsidwe. Botolo likhale lomata bwino, lolembedwa tsiku lothera mphamvu. Mankhwala opimidwa m'timapepala tapulasitiki pamsika sadziwika mphamvu yake ngakhale chimene asakanizamo. Madzi atungidwe okwanira ntchito isanayambe. Mfundo imeneyi imaoneka yaing'ono, koma kumene madzi ndi a pamjigo kapena mpopi umaima mosachenjeza, anthu ambiri amapsa chifukwa ndowa inatha mankhwala akadali m'mutu. Ndowa zitatu kapena zinayi za madzi ofunda pang'ono zikhale pafupi.

Woika avale magolovesi. Vaseline apakidwe pachipumi, m'makutu, kunkhongo ndi pakhungu la m'mutu. Tsitsi ligawidwe panayi, mankhwala ayambire kumbuyo kumene tsitsi limakhala lolimba, ndipo la m'mphepete, limene ndi lofooka, lilandire pomaliza. Nthawi iwerengedwe pawotchi kuyambira pamene mankhwala akhudza tsitsi loyamba, ndipo isapitirire imene yalembedwa pabokosi, imene kawirikawiri ndi mphindi 15 mpaka 20. Apa ndi pamene pali bodza lowononga kwambiri, lakuti mankhwala akayamba kuwawa ndiye kuti akugwira, munthu apirire. Tsitsi silimva kuwawa. Chimene chikuwawacho ndi khungu limene likupsa, ndipo nkhanambo zimene zimamata tsitsi mawa lake ndi zilonda za moto. Kukangoyamba kutentha, mankhwala achotsedwe pompo ngakhale tsitsi lisanawongoke. Kutsukuluza kutenge nthawi yaitali, kenako shampu wozimitsa mphamvu ya mankhwala, amene amabwera m'bokosi, apakidwe kawiri kapena katatu. Ena mwa mashampuwa amatulutsa thovu lofiirira mankhwala akadalipo, ndipo kutsuka kumapitirira mpaka thovu liyere. Mankhwala akalowa m'diso, litsukidwe ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa, munthuyo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Otsala asungidwe posafika ana, chifukwa mwana akanyambita amapsa m'kamwa ndi kummero, ndipo wotero asasanzitsidwe koma athamangitsidwe kuchipatala.

Tsitsi latsopano likamera pansi, mankhwala aikidwe pa latsopanolo lokha, pakapita masabata 8 mpaka 12. Kupaka mutu wonse nthawi iliyonse kumadya tsitsi lakale kawiri katatu mpaka liyambe kuduka ngati ulusi wovunda. Kuluka kapena kudaya kudikire masabata awiri. Dayi wakuda, makamaka wokhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amatupitsa nkhope ya anthu ena moopsa, choncho ayesedwe kaye kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48.

Palinso nkhani imene wachinyamata ayenera kuidziwa asanazolowere mankhwalawa. Mu Okutobala 2022 ofufuza a National Institutes of Health ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11. Anapeza kuti mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongolera tsitsi, pafupifupi 1.6 mwa 100 akanadwala khansa ya chiberekero pofika zaka 70, pamene mwa ogwiritsa ntchito kopitirira kanayi pa chaka chiwerengerocho chinali 4 mwa 100. Khansa imeneyi ndi ya m'kati mwa chiberekero, yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene imavuta kwambiri kuno. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo amayi ochuluka m'magulu onse awiri sanadwale. Komabe khungu lopsa limalowetsa mankhwala m'thupi mosavuta, ndiye kuika mwa apo ndi apo komanso kupewa zilonda n'kwanzeru. Njira ina yowongolera yotchedwa Brazilian keratin imatulutsa mpweya wa formaldehyde ikatenthedwa ndi chitsulo, ndipo formaldehyde ndi wodziwika kuti amayambitsa khansa. Imeneyi si ya m'chipinda chotseka mawindo. Amene wafuna kusiya mankhwala alibe njira yobwezera tsitsi lowongoka ku chilengedwe chake. Amadikira latsopano likule, n'kumadula lakale pang'onopang'ono kapena kumeta lonse kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chaka chathunthu chimapereka masentimita 10 mpaka 12 okha.

Kwa anyamata vuto lalikulu ndi ndevu. Ndevu zopotana zikametedwa mpaka pakhungu, nsonga yakuthwa imapindika n'kubaya khungu, kapena imakulira m'kati osatuluka. Thupi limaitenga ngati munga, n'kupanga chotupa, nthawi zina cha mafinya, chimene chimasiya banga lakuda. Vutoli ndi lofala pakati pa amuna akuda, ndipo si chizindikiro cha uve. Limakula ndi malezala a mano awiri kapena atatu, amene amakoka ndevu n'kuzidula pansi pa khungu. Kumeta kwabwino kumayamba ndi kufewetsa ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, kenako thovu lokwanira. Lumo likhale lakuthwa, la dzino limodzi, ndipo liyende motsata kumene ndevu zagonera, osati mozitsutsa. Khungu lisakokedwe ndi dzanja lina, ndipo pamalo amodzi lumo lisabwerezedwe. Amene zotupa zamuchuluka asiye kumeta kwa mwezi umodzi kuti ndevu zobisika zituluke zokha, kenako azigwiritsa ntchito makina amene amasiya kachitsa ka milimita imodzi. Kufinya ndi kutokosa ndi singano kumangowonjezera zipsera.

Kunkhongo nako kumafuna chisamaliro. Kumeta mpala pafupipafupi, ndi kudula mzere wa kumbuyo ndi lumo, kumabweretsa kwa ena tiziphuphu tolimba timene tikanyalanyazidwa timalumikizana n'kukhala chipsera chotukuka chosameranso tsitsi. Tikangoyamba, mpala ulekedwe ndipo munthu akaonane ndi achipatala.

Lumo silibwerekedwa, ngakhale kwa m'bale wa bere limodzi. Kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma pachitsulo kwa masiku 7 kapena kuposa, ndipo kamapatsirana mosavuta kuposa HIV. Magazi amene amatsalira pa lumo nthawi zambiri saoneka ndi maso. Kubabashopu, wometedwa aone yekha lezala likutulutsidwa m'pepala lake. Makina achotsedwe tsitsi la munthu wapita ndi kupukutidwa ndi sipiliti, n'kupatsidwa nthawi youma; kuwaza kamodzi n'kuwaika pamutu nthawi yomweyo ndi mwambo chabe. Amene angakwanitse, makina akeake ndi abwino koposa. Lamulo lomweli ligwire ntchito pa kumeta kwa pamaliro ndi kwa kuchinamwali: mwambo sutaya kanthu aliyense akabwera ndi lezala lake.

Tsitsi la m'khwapa ndi la pachinena limamera pa kutha msinkhu, ndipo anankungwi akhala akuphunzitsa kuyambira kale kuti lizimetedwa, m'banja n'kukhala ntchito imene mwamuna ndi mkazi amathandizana mwaulemu. Chiphunzitso chimenechi n'chaukhondo ndithu m'dziko lotentha, koma ndi bwino kudziwa kuti tsitsilo palokha si litsiro. Limachepetsa kukhuzana kwa khungu. Fungo la m'khwapa limabwera pamene tizilombo ta pakhungu tadya thukuta la pamalopo, ndipo tsitsi lalitali limangosunga thukutalo. Kusamba ndi sopo tsiku lililonse ndi kudulira tsitsi ndi sizasi kumathetsa vutolo popanda kupala mpaka pakhungu. Amene akufuna kupala adulire kaye lalitali, amete pomaliza kusamba khungu litafewa, ndi lumo latsopano ndi thovu, motsata kumene tsitsi lagonera. Kumeta pouma, mumdima kapena mothamanga ndi kumene kumabala mabala ndi zithupsa. Pambuyo pake pasathiridwe perefyumu kapena sipiliti, ndipo zovala zamkati zikhale zathonje, zosathina. Timabala ta lumo, ngakhale tosaoneka, ndi khomo la matenda, kuphatikizapo opatsirana pogonana, motero khungu lipatsidwe tsiku kapena awiri kuti lipole. Pamene pali njerewere kapena zilonda lumo lisadutsepo, chifukwa limazifalitsa. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi wopita kukabereka asametedwe mwachizolowezi, ndiponso kuti malo okachitidwa opaleshoni asapalidwe ndi lumo, chifukwa timabalato timawonjezera mwayi wa chilonda kulowa matenda.

Mafuta ochotsera tsitsi, monga Veet, ndi ufa wometera ndevu monga Magic, amasungunula tsitsi pamwamba pa khungu ndi mankhwala a gulu lomwelo la zowongolera. Ubwino wake ndi wakuti sasiya nsonga yakuthwa, ndiye zotupa zimachepa. Kuipa kwake ndi kwakuti amatentha akapitirira nthawi. Ayesedwe pa kachigawo kakang'ono tsiku limodzi m'mbuyo, asapitirire mphindi zolembedwa, zimene sizidutsa 10, ndipo asapakidwe pa khungu lometedwa kumene, pa chilonda kapena pa ziwalo zobisika zenizenizo. Olembedwa kuti ndi a miyendo asapite kumaso. Rilakisa ya m'mutu si yochotsera tsitsi la m'thupi, ngakhale ena amayesa.

Kuzula ndi phula kapena ndi shuga wophikidwa ndi mandimu ndi madzi, njira yakale ya ku Egypt ndi maiko a Aluya, kumachotsa tsitsi kuchokera pansi, ndipo pamatenga masabata 3 mpaka 6 kuti libwerere. Kumawawa, ndipo phula lotentha kwambiri limasupula khungu n'kusiya banga lakuda losachedwa kuoneka pa khungu lakuda. Liyesedwe pamkono kaye. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu asayese njirayi, chifukwa khungu lawo limakhala litapyapyala ndipo limang'ambika. Nsidze zozulidwa mobwerezabwereza kwa zaka zimatha kuleka kumera, choncho pozikonza dzanja likhale lopepuka.

Mantha akuti kumeta kumachulukitsa kapena kukhwimitsa tsitsi alibe maziko. Mildred Trotter, katswiri wa za thupi la munthu ku America, anayesa zimenezi mu 1928 ndipo anapeza kuti kumeta sikusintha makulidwe, mtundu kapena liwiro la tsitsi. Lumo limadula mbali yakufa, silifika kumuzu. Lomera kumene limamveka lolimba chifukwa nsonga yake ndi yodulidwa, si yosongoka ngati ya tsitsi losametedwapo. Mnyamata wa zaka 15 amene amapala chibwano tsiku ndi tsiku kuti ndevu zibwere msanga akungodzichekacheka. Zidzabwera pa nthawi imene thupi lake ndi mtundu wa kwawo zalamula.

Atsikana ena amamera titsitsi pachibwano, pamlomo wam'mwamba kapena pachifuwa. Tochepa totere n'tachibadwa m'mabanja ambiri, ndipo tikhoza kudulidwa ndi sizasi, kuzulidwa kapena kusiyidwa, popanda manyazi kapena kuganizira zamatsenga. Koma tsitsi lotere likamachuluka, limodzi ndi kusamba kodumphadumpha, ziphuphu zambiri ndi kunenepa, kawirikawiri gwero lake limakhala kusokonekera kwa michere ya m'thupi yochokera m'mabasiketi a mazira, vuto limene madokotala amalitcha PCOS. Likabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kukula kwa mawu, kupita kuchipatala kusachedwe. Vutoli lili ndi chithandizo, ndipo likanyalanyazidwa limatha kuvutitsa pa nkhani ya kubereka ndi kubweretsa matenda a shuga.